Njerwa za ku Mandala sizidachokere ku Scotland

Mumzinda wa Blantyre muli chizindikiro chimene eni nyumba amachiopa kuposa kalata ya ngongole yakubanki. Ndi nyenyezi yofiira. Khonsolo ikaipaka pakhoma ndiye kuti nyumbayo yakalamba, ikunyansitsa tauni, mwiniwake aikonze apo ayi aigwetse. Mchitidwewu udayamba nthawi ya Kamuzu, ndipo zaka zapitazi udadzukanso. Nthawi zonse nkhaniyi ikabuka, achinyamata ambiri amaomba m'manja. Amati zigwe basi, tikufuna nyumba zamagalasi ngati za ku Sandton, nanga tizingokhalira kuona makoma a atsamunda mpaka liti?

Zina zigwedi, ine sindikutsutsa. Ku Limbe kuli mashopu ena oti ukaima pakhonde pake kuthawa mvula umayamba wayang'ana kaye kudenga. Shopu yovunda yoti itha kuphwanya mwana wa munthu, palibe chifukwa choilirira. Chimene ndikukana ndi mawu akuti "ndi za atsamunda", chifukwa mawu amenewa amasesa zonse pamodzi, zowola ndi zamtengo wapatali zomwe. Ndipo ife a kuno ku Thuchila, a ku Nkando, ku Chonde ndi ku Luchenza, tisamaone ngati nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni okha. Imatikhudza, mwina kuposanso ena obadwira ku Namiwawa.

Tiyambe ndi funso losavuta: tauni imeneyi adaimanga ndani?

Mabuku a kusukulu amayankha msanga. Amati amishoni a Church of Scotland adafika mu 1876, natcha malowo Blantyre potengera mudzi umene David Livingstone adabadwira kwawo ku Scotland. Amatchula Henry Henderson, amene dzina lake lili pa sukulu ya HHI. Zonsezo ndi zoona. Koma Henderson sankayenda yekha m'mapirimu. Adali ndi Tom Bokwito, amene ankamulondolera njira ndi kumutanthauzira chilankhulo, ndipo malo a mishoniwo adali m'dera la Mfumu Kapeni. Ndi angati mwa ife tidakhoza mayeso a mbiri osamvapo dzina la Bokwito ngakhale kamodzi?

Njanji isanafike, katundu yense wa kampani ndi wa mishoni ankakwera chitunda kuchokera ku Shire pamitu ya anthu. Ankawatcha amtengatenga. Malata, mchere, nsalu, zitsulo, ngakhale mzungu weniweniyo ankamunyamula pa machira. Sitima ya pamtunda idafika ku Blantyre mu 1908, pa njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi pa Luchenza pompa. M'chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale yake ku Limbe, ndipo tauni ya Limbe idakula mozungulira siteshoni ndi fodyayo mpaka kudzaiphatikiza ndi Blantyre mu 1956.

Nanga za m'mabogiwo ankalima ndani? Tiyi woyamba wa malonda adadzalidwa kuno ku Mulanje mu 1891. Kuyambira zaka zimenezo kudza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Alhomwe ambirimbiri ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, msonkho ndi njala. Ambiri adapatsidwa pokhala m'maesiteti a ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, koma malowo sadali aulere. Ankalipira ndi thukuta, ndiye thangata uja agogo amamutchula akugwedeza mutu. Phindu la tiyi, fodya ndi thonje la anthu amenewa ndi limene lidasanduka masitolo, mabanki ndi makhonde aatali a m'tauni. Ndiye mukati nyumbazo ndi za atsamunda, mukupereka kwaulere kwa mzungu chinthu chimene agogo anu adachilipira kale ndi msana.

Taonani nyumba ya Mandala. Idamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene ankaiyendetsa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Ndi nyumba yosanja, ndipo imawerengedwa kuti ndi yakale kwambiri mwa nyumba zamtunduwu zimene zidakaima m'dziko muno. Ngakhale dzina lakelo adapereka ndi anthu athu: John Moir ankavala magalasi amaso, anthu nkumamutcha Mandala, dzinalo nkukakamira kampani, masitolo ake m'dziko lonse, mpaka dera lonse limene lero mukukwererako kabaza. Mzungu adabwera ndi dzina lake la Chingerezi lalitali, ife tidamupatsa lathu, ndipo lathulo ndi limene lidatsala.

Koma chifukwa chachikulu chimene ndimanenera kuti Mandala isakhudzidwe ndi china. Usiku wa pa 23 January 1915, John Chilembwe atayambitsa nkhondo yake, gulu lina la anthu ake lidapita ku Magomero, kwa William Jervis Livingstone. Gulu lina lidayenda wapansi kuchokera ku Mbombwe kukathyola nkhokwe ya mfuti ya kampaniyi ku Mandala. Sizidayende monga adakonzera, adangotengako mfuti zochepa, ena adagwidwa naphedwa. Ndiye kuti pabwalo limene lero anthu amamwerapo khofi ndi pomwe anyamata a msinkhu wanu adaikapo moyo wawo pachiswe. Chaka chilichonse pa 15 January timapuma, timaika chithunzi cha Chilembwe pa status ya WhatsApp, nkhope yake timayenda nayo m'thumba pa K500 ndi K2000. Kenaka tomwefe tizinena kuti malo amene nkhani yake idachitikira agwetsedwe chifukwa ndi a atsamunda? Sizikugwirizana, abale.

Atsamunda eni ake ankadziwa bwino ntchito ya kugwetsa nyumba. Nkhondoyo itangozizira, adaphulitsa tchalitchi chanjerwa cha Chilembwe ku Providence Industrial Mission kuti pasatsale choloza. Zidatengera Dr Daniel Sharpe Malekebu kubwerera mu 1926 kudzatsegulanso mishoniyo ndi kumanganso. Chilembwe mwiniwake adamuombera pa 3 February 1915 chakuno ku Mulanje akulowera ku Mozambique, namuika m'manda opanda chizindikiro. Mpaka lero palibe manda amene mphunzitsi angapite nawo ana a sukulu nkuwauza motsimikiza kuti ndi pano. Amene akufuna kudziwa kuwawa kokhala ndi mbiri yopanda malo ake, aganizire zimenezo.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI ndi nkhani ina yokoma. Adachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene adatsogolera ntchitoyo, sadaphunzirepo zojambula mapulani a nyumba, ndipo anthu amene ankagwira nawo sadali amisiri ochokera ku Glasgow. Adali anthu a konkuno, ophunzira ntchito ali pantchito pomwepo. Dothi adakumba pafupi, njerwa adaumba ndi kuotcha pompo, za maonekedwe osiyanasiyana kuti zikwane m'makona, m'zipilala ndi m'mazenera opindika aja. Papita zaka zoposa 130, zivomezi zagwedeza, anamondwe adutsa, tchalitchi chidakali chilili ndipo Lamulungu lililonse anthu amapempheramo. Inu mukudziwa midadada ya sukulu ndi milatho ya dzana lomweli imene idang'aluka mvula yoyamba. Wachinyamata amene akuphunzira zomangamanga ku sukulu ya ntchito zamanja, kapena amene akuumba njerwa m'dambo kuno kwathu, akuyenera kukaima pafupi ndi khoma limene lija, aligwire ndi dzanja, aone momwe njerwa idakhalira pa inzake. Si phunziro la za Scotland limenelo, ndi la luso la manja a Amang'anja ndi Ayao.

Pa mishoni yomweyo padatuluka anthu ena oti tikadamawatchula tsiku lililonse. Mungo Murray Chisuse adali wosindikiza mabuku komanso mmodzi mwa Amalawi oyamba kujambula zithunzi ndi kamera. Inu nonse ojambula maukwati ndi opanga timavidiyo ta pa TikTok, gogo wanu pantchitoyo ndi ameneyo. John Gray Kufa adaphunzira zachipatala pompo, ndipo adaphedwa mu 1915 chifukwa choima ndi Chilembwe. Harry Kambwiri Matecheta adadzozedwa ubusa mu 1911. Apa ndiye pali vuto lenileni la nyumba zathu zakale: nkhani imene timafotokoza pa izo ndi yatheka. Mlendo amauzidwa za Scott, za Moir, za Mfumukazi Victoria amene holo yakale ya mu 1903 ija idamangidwa pomukumbukira, basi nkhani yathera pomwepo. Wachinyamata akamva zimenezi sadzionamo, ndiye mumudabwe bwanji akati zigwe? Chofunika kusintha ndi chikwangwani, osati khoma. Lembaniponso mayina enawo, m'Chichewa, ndi zilembo zazikulu.

Tsono pali gawo limene pafupifupi palibe amene amalilankhulira, ndilo mafakitale. Blantyre timamutcha mzinda wa malonda ndi mafakitale, koma tikamakamba za malo a mbiri timangothamangira matchalitchi ndi maofesi a boma. Dzina loti Ginnery Corner, pomwe mumatsikira popita ku Queens, lidachokera ku makina opunthira thonje amene adali pamenepo. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead idayamba mu 1967, ndipo chitenje cha amayi ambiri kuno chidachokera mmenemo. Carlsberg adatsegula fakitale yake ya mowa mu 1968, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark. Ku Makata, ku Maselema, ku Chirimba, m'mashedi a njanji ku Limbe, ndi momwe mudakalambira amalume athu amene adachoka kumudzi ndi kasutikesi kamodzi nkukapeza kachipinda ku Ndirande kapena ku Bangwe. Ndalama za fizi za ambiri a ife zidachokera mmenemo. Fakitale ikatsekedwa kapena ikasintha mwini, makina akale amapita ku sikelo ya zitsulo, mabuku a mayina a antchito amadyedwa ndi chiswe, ndipo palibe amafunsa. Pa Chichiri Museum, imene idatsegulidwa mu 1966, pali injini yakale ya sitima yoyendera nthunzi. Chabwino. Koma nkhani ya munthu amene ankaponya malasha m'ng'anjo yake ili kuti?

Chodabwitsa nchakuti ku Blantyre winayo, wa ku Scotland, adasunga zimene ife tikutaya. Livingstone adabadwa mu 1813 m'kachipinda kamodzi, m'nyumba ya antchito a fakitale ya thonje yotchedwa Shuttle Row, ndipo iye adayamba kugwira ntchito m'fakitalemo ali ndi zaka 10. Nyumba ya anthu osauka imeneyo sadaigwetse, adaisandutsa myuziyamu mu 1929, ndipo anthu amalipira kuti akaone mmene banja lonse linkagonera m'chipinda chimodzi. Inunso amene muli ndi achibale ku Joni, afunseni za Constitution Hill. Idali ndende yoopsa, momwe adatsekerapo Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela. Anthu akuda atatenga dziko sadabweretse katapila kuti afafanize zonse, adamangapo khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, nagwiritsa ntchito zina mwa njerwa za ndende yomweyo. Kodi pali amene adali ndi chifukwa chodana ndi makoma kuposa iwowo?

Ndikudziwa yankho limene ena ali nalo kale pakamwa, ndipo si lopusa ayi. Ati iwe, kuno Freddy adatikokolola mu March 2023, anthu mazanamazana adapita ku Chilobwe, ku Phalombe ndi kuno ku Mulanje, mtsinje wa Thuchila udasefukira m'minda, ena mpaka pano sadabwererebe mwakale. Thumba la feteleza lakwera, ntchito kulibe, ndiye uzitiuza za penti wa nyumba ya mu 1882? Komanso mwini nyumba ali ndi ufulu: malo a pakati pa tauni ndi odula, bwanji akakamizidwe kusunga kanyumba kapansi pomwe angamange nsanjika zisanu zobweretsa lendi?

Pa zoyambazo, ine sindikupempha kuti boma lichotse ndalama ku mankhwala nkukagula penti. Taonani nyumba zakale zimene zili bwino mpaka lero: zonse zili pantchito. Mu Mandala muli malo ogulitsira zojambulajambula, malo odyera, ndipo pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Mu St Michael muli mpingo. Ryalls idakali hotela chiyambire zaka za m'ma 1920. Nyumba imafa ikakhala yotseka, madzi akayamba kudontha popanda wotchera beseni. Ndiye shedi yakale kapena nyumba ya boma imene yangokhala, m'malo modikira kuti iwole kuti tipeze chifukwa choigwetsera, ibwerekedwe motchipa kwa atelala, okonza mafoni, ojambula nyimbo, a zisudzo. Achinyamata akusowa pogwirira ntchito, nyumba zikusowa anthu, ndiye chovuta nchiyani?

Pa za mwini nyumba, apa mpofunika chilungamo. Lamulo loteteza malo ndi zinthu zakale, la Monuments and Relics Act, lilipo, ndipo nthambi ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale ndi zipilala ilipo. Koma kulemba nyumba pa mndandanda sikusoka denga. Ngati dziko likuuza munthu kuti usagwetse chifukwa ndi chuma cha tonse, dzikolo limupepuzeko, mwina pomuchotserako msonkho wa khonsolo malinga akuisamalira. Ndipo nyenyezi yofiira isanapakidwe paliponse, khonsolo ndi a nthambi ya zakale ayambe akhala pansi, atulutse poyera mndandanda wa nyumba zosayenera kukhudzidwa, uikidwe pa intaneti, aliyense auone pafoni ndi kutsutsa ngati pali chotsutsa. Zogamula mwakachetechete, anthu nkumadzidzimuka m'mawa malata atazungulira kale, ndi zimene zimabala mphekesera zoti wina wadyapo.

Palinso ndalama m'nkhaniyi, poti ena simumva kanthu mpaka titchule ndalama. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, kutsatira Lake Malawi National Park ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Mlendo wofuna kukwera Sapitwa amatera ku Chileka, amagona ku Blantyre, ndipo ambiri amadzera msewu wa Midima, kudutsa pakhomo pathu penipeni. Pakadali pano amangotidutsa, mwina kuima kugula nanazi basi. Koma njira yomweyi ili ndi nkhani yokwana masiku awiri: Mandala, HHI, siteshoni ya Limbe, kukhotera ku PIM ndi ku Nguludi, likulu la Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, minda ya tiyi, mpaka Fort Lister ku Phalombe, linga limene adamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya akapolo yodutsa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Anyamata a ku Likhubula adaphunzira kale kudya ndi phiri polondolera alendo. Mtsikana wa pa Thuchila amene ali ndi MSCE yake, Chingerezi chake ndi foni, chingamuletse nchiyani kudya ndi mbiri? Koma sangalondolere munthu kukaona malo oimikapo magalimoto nkumati pano padali nyumba.

Pa Chonde pomwepo pali umboni woti sife anthu osasamala zakale. Chaka chilichonse anthu amabwera pamalole ndi pamabasi kudzavina tchopa, kudya kalongonda ndi kukumbukira komwe adachokera. Ndiye vuto si loti Mmalawi sakonda mbiri. Vuto ndi loti malo ambiri a m'tauni amaoneka ngati adakonzera alendo a kunja okha. Geti, mlonda, zikwangwani za Chingerezi chokhachokha, mitengo ya chakudya yoopseza, mnyamata wovala masilipasi amangobwerera panja asanafunse nkomwe ngati nkololedwa kulowa. Oyang'anira malowa aganizirepo. Tsiku limodzi pamwezi lolowa ana a sukulu za m'midzi mwaulere, ndi munthu wowafotokozera m'chilankhulo chawo, lingateteze nyumbazo kuposa mpanda wa waya, chifukwa munthu sateteza chinthu chimene sadalowemo.

Kuwerenga kuchokera mu 1876, zaka 150 za Blantyre zikukwana mu 2026. Zolankhula za akuluakulu ndi nsalu zachikumbutso sizisowa pa nthawi ngati imeneyi. Chimene chikusowa ndi mawu a antchito eni ake, ndipo amenewo sali ku Victoria Avenue, ali kuno kumudzi, adabwerera atapuma ntchito. M'mudzi uliwonse kuzungulira Thuchila muli agogo amene adasoka mabelo a fodya ku Limbe, adayendetsa makina oluka nsalu, adakonza njanji pakati pa Luchenza ndi Sandama, kapena adathyola tiyi kuyambira ali ana. Foni imene mukuwerengera nkhaniyi imatha kujambula mawu popanda bandulo. Khalani nawo pansi madzulo ano. Afunseni chaka chimene adalembedwa ntchito, dzina la kapitawo wawo, ndalama imene ankalandira pamwezi ndi zimene inkagula, komwe ankagona, nyimbo imene ankaimba ponyamula katundu, ndi geti limene munthu wakuda ankaloledwa kulowera. Ngati ali ndi khadi la kuntchito kapena chithunzi m'sutikesi, chijambuleni mbali zonse ziwiri, mulembe dzina lawo ndi la mudzi, ndipo mutumizireko wachibale wina kuti foni ikatayika zisapite nayo limodzi.